Dzina la Anangozo pa Tsamba Loyamba

Theresa Kalilangwe anali ndi dzina lina limene anthu akwawo sankalidziwa, ndipo kwa zaka zisanu ndi chimodzi analisunga patali nawo monga asungira machesi patali ndi palafini.

Ku nyumba yosamalira okalamba ya ku Silver Spring, kumene amalowa ntchito m'mamawa, amangomutcha Theresa. Ndi mayi wa zaka makumi asanu ndi ziwiri, wochepa mawu, wodziwa gogo amene amafuna tiyi wozizira ndi gogo amene amaopa madzi osamba. Ku tchalitchi cha ku Bowie, komwe kumapemphera Amalawi ambiri, amamutcha Nankhoma, mfunda wa kwawo ku Balaka. Ndi uja amatsalira anthu akanyamuka, kupinda nsalu za pamatebulo ndi kutola makapu apepala pansi pa mipando. Koma pa zikuto za mabuku atatu a nkhani zachikondi, olembedwa m'Chingerezi, palembedwa Christina Lewis. Christina Lewis ameneyo ndi Theresa yemweyu.

Anafika ku America mu 2004 ndi mwamuna wake Gracian, mwana wawo Tiya ali kumbuyo. Kwawo anali mphunzitsi wa sitandade sikisi. Kuno anaphunzira kutembenuza munthu pabedi osamupweteka. Gracian anamwalira mwadzidzidzi mu 2013. Theresa sakumbukira zambiri za sabata imeneyo, koma amakumbukira miyendo ya amayi a Mvano itandandalika pa kapeti ya pabalaza pake, masiku asanu ndi anayi, ena atachokera kuntchito mayunifolomu ali m'thupi. Amakumbukiranso Anangozo, mkulu wa amayiwo, atamugwira chibwano n'kumumwetsa phala ndi supuni ngati khanda. Ndi amayi omwewo amene anathamangathamanga mpaka thupi linakwera ndege. Kupatula Tiya, amene tsopano amakhala ku Baltimore ndipo ukamulankhula Chichewa amayankha Chingerezi, Theresa alibe mbale m'dziko lino. Abale ake ndi amayi aja. Akadzadwala, odzamuona ndi iwowo. Akadzamwalira, odzamusambitsa ndi iwowo. Izi sankaziiwala ngakhale tsiku limodzi.

Kulemba anakuyamba maliro atatha, nyumba itangoti zii. Ankalemba pa nthawi yopuma kuntchito, m'kope la ana asukulu, nkhani za anthu awiri amene amasemphana, n'kusemphananso, pomaliza n'kupezana. Mabuku awiri oyamba anali a anthu a kuno, a mayina a kuno. Dzina lobisa analisankha dala. Mayi wamasiye wovala yunifolomu ya Mvano salemba za kupsompsonana, ndipo akalemba, nkhani imafika ku Balaka dzuwa lisanalowe.

Buku lachitatu ndilo linadzetsa mavuto. Mkonzi wake, mayi wa ku kampani ina yaing'ono yosindikiza mabuku, anamulembera kuti, "Christina, ulendo uno utilembere za anthu akwanu." Theresa analemba za namwino wachimalawi wokondana ndi mnyamata woyendetsa basi, ndipo pofika mutu 14 mtsikanayo anayenera kulangizidwa asanalowe m'banja. Apa Theresa sanapeke kanthu. Panalibe chifukwa chopekera.

Kwa zaka khumi anakhala akuthandiza pa chilangizo chilichonse chimene Anangozo ankachititsa m'chipinda chapansi cha nyumba yawo ku Bowie. Anangozo ndi mayi wa ku Ntcheu, namwino wopuma ntchito, wa mawondo otupa ndi lilime lakuthwa, wovala nsapato zothamangira kunsi kwa chitenje. Anali atalangiza atsikana makumi anayi ndi mmodzi m'dera lino. Amakonzekera masiku atatu, amaimba mpaka mawu kusasa, ndipo banja likayamba kugwedezeka foni imene imalira ndi yawo. Malipiro ake ndi chitenje chimodzi, ndipo nthawi zina eni ukwati amachiiwala. Pa phwando amathokoza wophika keke ndi wojambula zithunzi, Anangozo satchulidwa. Theresa ankaziona izi chaka ndi chaka, ali kumbuyo ndi thumba la zinyalala.

Ntchito yake m'chipindamo inali yoyala mkeka, yotseka ndi thaulo kabowo kolowera mpweya kuti mawu asakwere m'nyumba, ndi yotolera mafoni a amayi onse m'beseni. Za m'chipinda chija sizituluka panja. Mwamuna sazimva, mtsikana wosalangizidwa sazimva. Mlonda wa lamulo limeneli anali iyeyo, ndi beseni lake.

Ndiye analemba zonse: nyimbo, kakhalidwe ka pamkeka, ndi mayeso a mikanda, amene Anangozo anawalandira kwa azakhali awo. Amayala zingwe zitatu za mikanda, chofiira, choyera ndi chakuda, n'kuuza mtsikana kuti, "Sankha." Mtsikana aliyense amatola chimodzi, amayi n'kumuseka mpaka misozi, pakuti yankho lake si kutola. Yankho ndi kupinda manja n'kunena kuti, "Sindisankha ine, usankha ndi mwezi." Palibe mtsikana amene anakhozapo, ndipo phunziro lenileni limayambira pa kulepherapo.

Atamaliza bukulo mtima unamutsutsa. Osati chifukwa choulula ayi. Pa zimenezo anadzinyenga kuti Amalawi a ku Bowie sawerenga mabuku achikondi. Chinamuvuta n'chakuti anadya za eni osathokoza. Kwawo munthu sangopukuta pakamwa n'kunyamuka. Amathokoza, ndipo amathokoza potchula mfunda. Choncho pa tsamba loyamba la buku lobisa dzina la mwini wake, analemba m'Chichewa kuti: "Kwa Anangozo a ku Bowie, amene aphunzitsa ambiri popanda wowathokoza. Zikomo Anangozo." Mkonzi anafunsa tanthauzo lake, anauzidwa, n'kunena kuti n'zokongola. Bukulo linayenera kutuluka pakati pa Okutobala.

Chaka chomwecho, a ku holo ina ya anthu a m'dera ku Gaithersburg anamupempha, monga Christina Lewis, kuti aziphunzitsa kalembedwe ka nkhani Loweruka lililonse m'mawa, masabata khumi, kuyambira mu Seputembala. Anavomera chifukwa Gaithersburg ili kutali ndi Bowie, mbali ina ya mzinda wa Washington. Ankafika nthawi isanakwane, kusesa masamba amene mphepo yaunjika pakhomo, kuika mipando mozungulira, kuwiritsa madzi a tiyi. Holoyo inkadziwa za maola awiri a kalasi. Maola owerenga zolemba za ophunzira khumi ndi mmodzi, pensulo kudzanja lamanja, buledi kulamanzere, inali nkhani yake yekha. Koma ankakondwa. Choko anachisiya zaka makumi awiri zapitazo, komabe dzanja linali likukumbukira bolodi. Ankawauza ophunzira kuti asamalembe kuti munthu akukonda mnzake. Alembe kuti wamusungira mpando m'basi, kapena kuti wadziwa yekha kuti nsapato ikumuthina.

Loweruka lachiwiri, ali mkati molemba pa bolodi, chitseko chinatseguka.

"Pepani nachedwa... Iye! Ba anti Theresa? Ndimwe?"

Anali Malama, mtsikana wa ku Lusaka wogwira ntchito ku banki ina yaikulu mu Washington, wotomeredwa ndi Mac, Mmalawi woimba kwaya ku tchalitchi cha ku Bowie. Ukwati wawo unali utalengezedwa kale kuti udzachitika kumapeto kwa Novembala. Cholembera chinapulumuka m'manja mwa Theresa n'kugubudukira kunsi kwa tebulo. Anawerama kuti achitole, ndipo anakhalitsa pansipo ngati chalowa m'dzenje.

Kalasi itatha anamukokera ku khonde la kuseri.

"Ine nenze kuganiza Christina Lewis ni muzungu!" Malama ankaseka atagwira pamimba. "Kansi ni ba anti ba makapu! Mabuku yanu yonse yabili ninabelenga. Uja dokotala wa mu buku yoyamba, mmm, ba anti, munamuona kuti?"

"Tsitsa mawu, iwe."

"Kulibe munthu kuno, ni agologolo chabe."

"Malama, tamvera. Amayi aja akadziwa, ine ndatha. Ulonjeze."

"Sinizakamba. Nalumbila. Olo Mac sinizamuuza." Ananyambita chala n'kuloza kumwamba. "Manje ija yachitatu izatuluka liti?"

"Limenelo usawerenge."

Atangotero anadziwa kuti walakwitsa. Anaphunzitsa ana zaka zambiri, ndipo ankadziwa chimene chimachitika ukauza mwana kuti asatsegule kabati.

Lamulungu lotsatira, mapemphero atatha, Anangozo anamupeza m'khitchini ya tchalitchi akutsuka mathireyi.

"Nankhoma, pukuta manja. Ndili nawe mawu."

Theresa anapukuta chala chimodzichimodzi.

"Mwana wa ku Zambia uja, wa Mac. Mayi ake awakaniza viza. Azakhali a Mac andipempha kuti ndimulangize ndine, Loweruka lachitatu la Novembala. Ulendo uno sungoyala mkeka. Ukhala pambali panga, gawo lina ulankhule ndiwe. Mawondo anga atha, ndiyenera kuyamba kusiyira wina. Watani? Ukuoneka ngati wameza munga wa nsomba."

"Ayi, amayi. Ndangodzidzimuka."

"Dzidzimukiratu lero. Ine sindisankha munthu kawiri."

Mphuno salota. Kuyambira tsiku limenelo Theresa anayamba kuonda. Anaimbira mkonzi kufunsa ngati tsamba loyamba lingachotsedwe, ndipo anamuyankha mokoma mtima kuti mabuku asindikizidwa kale, ali m'makatoni. M'mawa uliwonse, asanasukusule n'komwe, ankatsegula gulu la amayi la pafoni kuti aone ngati dzina lake likadalimo. Foni ikalira kuchokera ku Bowie ankaiyang'ana mpaka itasiya, kenako n'kuimba yekha ali chiimire m'kachipinda kosungira matewera. Inkangokhala nkhani ya mpunga wa pa chinkhoswe, kapena ya woti akatenge wodwala kuchipatala. Tsiku lina anathira shuga m'tiyi wa gogo wodwala shuga, n'kuzindikira kapu ili kale m'njira. Anayesa kuuza Tiya, koma Tiya anaseka n'kuyankha m'Chingerezi kuti ino ndi America, munthu amalemba zimene wafuna. Tiya sanagonepo pa kapeti ya munthu wina.

Buku linatuluka mitengo ya ku Gaithersburg itafiira ngati yapsa. Wolemba wina akanavina. Theresa analipeza m'sitolo ya mabuku ya ku Silver Spring, mtunda wochepa kuchokera pa golosale imene amayi a Mvano amagulako ufa ndi kapenta. Anayang'ana uku ndi uku, n'kutembenuza mabuku anayi onsewo kuti ayang'ane kukhoma. Mawa lake anapeza wogulitsa atawatembenuzanso.

Ophunzira ake anagula, n'kubwera nalo m'kalasi kuti awasainire. Pakati pawo panali Michael, mzungu wachikulire wopuma ntchito ya zasayansi, amene ankalemba nkhani ya malemu mkazi wake ndipo mafunso sankamuthera. Anakweza dzanja, buku lili chitsegulire.

"Mutu 14 ndiwo wapambana," anatero m'Chingerezi. "Zija za mikanda ndi mwezi. Mwambo umenewu ulikodi, kapena munapeka?"

Ndipo anawerenga mokweza, ndi mawu ake aamuna, yankho lija la azakhali a Anangozo. Mpaka nthawi imeneyo Theresa ankangoopa kugwidwa. Apa ndi pamene anaona kukula kwa chimene anachita. Mawu amene iye mwini ankawatsekera ndi thaulo anali m'kamwa mwa mwamuna, mawindo ali pululu. Anayang'ana Malama. Malama anali atazolika, buku lake lili pamiyendo, chala chili pa tsamba loyamba.

"Ndi nkhani chabe," anatero Theresa. "Tiyeni tibwerere ku ntchito ya lero."

Popita kukakwera galimoto, Malama anamutsatira. Kuseka kuja kunali kutatha.

"Ba anti, aba ba Nangozo ba pa peji yoyamba, ni bamene baja bazanilangiza?"

"Ndi omwewo."

"Kansi vonse vija ni vazoona."

"Malama, mwana wanga, tsiku limenelo ukakhale wosadziwa kanthu. Akakati sankha, ukatole. Ukatole choyera. Akakuseke. Wamva?"

"Namvela. Nizatola choyela. Osayopa."

Loweruka lachitatu la Novembala, Theresa anaphunzitsa kalasi yomaliza mpando wa Malama uli wopanda munthu. Ophunzira anamupatsa khadi ndi maluwa. Anaika khadi m'chikwama, pamodzi ndi buku lake limene ankawerengamo zitsanzo, n'kuyamba ulendo wa ku Bowie.

M'chipinda chapansi munali amayi khumi ndi awiri. Theresa anayala mkeka, anatseka kabowo, anazungulira ndi beseni. Mayi Cynthia, azakhali a Mac, anaponyamo mafoni awiri n'kukakhala pa mpando wa patsogolo. Aliyense ankadziwa kuti iwowo ankafuna kuti Mac akwatire wakwawo, ndipo ankamuyang'ana Malama ndi maso a munthu wogula nsomba.

Anamulowetsa mtsikanayo atafunda chitenje kumutu. Anayamba ndi pemphero, kenako nyimbo. Ola linatha, lachiwiri linatha. Mtsikana wa mu ofesi, wozolowera mpando wofewa, anali chikhalire pamkeka, osaloledwa kudzutsa mutu, amayi akumuimbira, akumufunsa, akumubweza akayankha mopupuluma. Theresa analankhula gawo lake, la kalandiridwe ka alendo a kuchimuna, mawu akunjenjemera, ndipo amayi anangoti ndi manyazi a tsiku loyamba. Iye maso anali pa khosi la Malama, limene linali litanyowa, ndi pa mapewa amene ankagwa ndi kutopa.

Kenako Anangozo anamasula kansalu kawo n'kuyala zingwe zitatu zija.

"Sankha."

Dzanja la Malama linatuluka m'chitenje. Linalunjika ku choyera. Linaima m'malere. Koma Malama ndi mwana amene wakhala akukhoza mayeso moyo wake wonse, ndipo kwa maola awiri anali atauzidwa kuti walakwa, walakwanso, pamaso pa Mayi Cynthia. Dzanja lija linabwerera lokha n'kukapindika pa linzake.

"Sinisankha ine," ananong'ona, "usankha ni mwezi."

Amayi anali atakonzekera kale kuseka, ndipo kusekako kunawafera pakamwa. M'chipindamo munangomveka makina otenthetsa nyumba.

"Wati chiyani?" anafunsa Anangozo.

Malama anagwira pakamwa.

"Ehe!" Mayi Cynthia anawomba m'manja kamodzi. "Ndinanena ine. Mtsikana wodziwa yankho ndi wolangizidwa kale. Tatiuza, mayi, unakwatiwa kuti? Ku Lusaka? Mwamunayo ali kuti? Ana alipo angati? Ndipatseni foni yanga ndimuimbire Mac."

"Sininakwatiliwepo, ba anti, nalumbila..."

"Nanga wazitenga kuti? Unalota?"

Malama anangolira. Sanayang'ane n'komwe kumene kunali Theresa. Anali akusunga lonjezo lake, ukwati wake ukupsa.

Beseni la mafoni linali pamiyendo pa Theresa. Akanatha kukhala chete, mwana uja sakanamutchula. M'maso mwake munabwera pabalaza pake popanda munthu, kapeti yopanda miyendo. Anaiona bwinobwino kapetiyo, mpaka pamene inapsa ndi ayironi. Kenako anaika beseni pansi, anasolola buku m'chikwama, n'kuyenda chogwada mpaka pamapazi a Anangozo.

"Amayi, mwanayu alibe mlandu. Wawerenga umu. Ndinalemba ndine."

"Iwe? Apa palembedwa Christina Lewis."

"Ndine ndemwe, amayi."

"Mwalembamo chiyani?" anafunsa Mayi Cynthia.

"Zonse. Nyimbo, mikanda, zonse za m'chipinda chino."

"Mayo ine!" anatero mayi wina kumbuyo. "Zaka zonsezi mafoni timapereka kwa wailesi?"

Palibe anaseka. Anangozo anavala magalasi. Anatembenuza bukulo, anayang'ana chithunzi cha mwamuna ndi mkazi atakumbatirana pachikuto, n'kutsonya. Anatsegula. Tsamba loyamba analiyang'ana nthawi yaitali, milomo ikuyenda. Kenako anatseka n'kulipanikiza kunsi kwa ntchafu yawo.

"Awerenga amuna?"

"Awerenga, amayi."

"Tuluka, Nankhoma. Beseni usiye. Inu a Cynthia khalani pansi, mwana mwamunamizira, mumupepese tikamaliza. Iwe, pukuta misozi tiyambirenso. Kuloweza si kudziwa."

Theresa anakwera masitepe. Kumbuyo kwake chitseko chinatsekedwa, wina n'kukankhira thaulo m'munsi mwake. Anaima m'khitchini ya Anangozo osadziwa ngati amuthamangitsa m'chipinda mokha kapena pakati pawo ponse. Makiyi a galimoto anali m'manja. M'sinki munali mbale za chakudya chamasana za anthu onse aja. Anaika makiyi patebulo n'kutsegula mpopi. Anatsuka mbale, anakwecha mapoto, anapukuta chitofu. Zitatha anatenga chokokolera masamba kuseri kwa chitseko n'kuyamba pabwalo, dzuwa litapendeka, nyimbo za pansi zikumveka ngati za kutsidya kwa mtsinje. Nyimbo iliyonse ankaidziwa, ndipo ankadziwa kuti ikatha yomaliza aweruzidwa.

Amayi anatuluka mmodzimmodzi. Ena anamudutsa maso ali pa mafoni awo. Mayi Cynthia anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Malama, maso atatupa, anamufinya dzanja podutsa. Pomalizira Anangozo anatuluka pakhonde akutsimphina, buku lili m'khwapa.

"Bwera kuno. Usagwade, simenti ikuzizira."

Theresa anagwadabe.

"Madzi akatayika saoleka. Azakhali anga anandipatsa mawu aja ndili mtsikana, ndipo ndawasunga zaka pafupifupi makumi asanu, mayiko awiri. Iwe wawamwaza pamsika. M'chipinda muja sudzalowanso. Ine ndili moyo, ayi. Mpando umene ndinakukonzera ndipatsa wina, ngakhale winayo sindikumuona."

"Ndamva, amayi."

"Sunamve, sindinathe." Anatsegula tsamba loyamba n'kulitambasulira kutali ndi maso. "Ichi unalemberanji? Wakuba amasiya dzina la mwini pa katundu?"

"Sindikanatha kudya osathokoza."

"Chitsiru." Anayang'ana mulu wa masamba. "Atsikana makumi anayi ndi awiri. Woyamba kundithokoza polemba ndi wakuba." Anapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje. "Mawa kutchalitchi ukakhale pambali panga, benchi lachiwiri. Amayi aja akakuone pomwepo. Amene ali ndi mawu adzanene kwa ine. Lachinayi a Mvano tili kwa Mayi Patience, amuna awo atuluka m'chipatala. Iwe ubweretse mandasi."

Theresa anangowomba m'manja pang'onopang'ono, mutu uli pansi.

"Buku ili ndatenga. Ndikawerenge ndione ngati nyimbo zanga sunazipotoze. Ndipo masambawo usawasiye pamenepo, mphepo iwamwazanso. Matumba ali m'galaja."

Anangozo analowa m'nyumba. Theresa anadzuka, mawondo atachita dzanzi, n'kupita kukatenga matumba.